Chitenje cha Amayi Chimene Chinafolera Sukulu

Ndikukumbukira chaka chimene sukulu yathu ku Tembwe inkadontha moti mvula ikayamba tinkaphunzira choimirira, masileti ali m'khwapa. Aphunzitsi athu, a Goma, munthu wokonda kumva mawu ake omwe, analengeza tsiku la malonda: aliyense abweretse chimene angathe, chigulitsidwe, tigule malata.

Ntchito ya aphunzitsi inathera pakulengezapo. Zotsalazo zinagwera amayi anga ndi anzawo. Anasinja mpunga mpaka manja kuchita matuza, anatunga madzi, anasesa bwalo, anaphika thobwa, popanda wowalipira. Mudzi wonse unkanunkhira utsi ndi mpunga watsopano.

Tebulo la alendo linali lodyeka ndi chiswe, ndipo a Goma anati anthu a ku boma sangaone manyazi otere. Amayi anawabwereka chitenje chawo chofiira chamaluwa, chimene atate anatumiza kuchokera ku migodi. Sankachivala. Chinkakhala m'bokosi, ndipo akawasowa atate, amayi ankachitulutsa n'kungochisisita.

Tsikulo nkhuku zinagulidwa, uchi, mphasa ndi mpunga zinatha. Koma a Goma malonda anali atawakomera. Anayang'ana uku ndi uku, anasuntha makapu a alendo, n'kukweza chitenje chija m'mwamba.

"Manje tione amuna enieni! Atenga ndani nsalu iyi?"

Ndinathamangira kuseri kumene amayi ankatsuka mbale. Anafika manja akudontha madzi, koma kalaliki wa ku boma anali atachigula kale n'kukulungamo mpunga wake, akumangirira panjinga, anthu akumuombera m'manja. Mzimayi sakanadula mawu aphunzitsi pamaso pa alendo. Amayi anapukuta manja pachitenje chawo chakutha, n'kubwerera ku mbale zija.

Pothokoza, a Goma anatamanda kalalikiyo kuti ndi munthu wa mtima wopatsa. Anathokoza alendo chifukwa chobwera kudzakhala pamipando, anathokoza ngakhale dzuwa chifukwa chowala. Azimayi sanatchulidwe, kaya utsi unawabisa. Ine ndinalira ndi mkwiyo njira yonse, ndipo kunena zoona mkwiyowo sunathebe.

Malata anabwera. Mvula yoyamba itagwa ndinkanyinyirika kupita kusukulu, amayi anandikoka mkono.

"Iwe, nyamuka. Pita ukakhale pansi pa chitenje changa, kumeneko sunyowa."

Masiku ano ku malonda otere kuli mahema ndi zokuzira mawu, koma m'manja amaomberabe amene wafika mochedwa n'kukhala kutsogolo. Ine ndikaitanidwa ku zoterezi ndimayambira kuseri, kumene kuli utsi ndi mbale, kukagwira manja onyowa aja n'kunena zikomo. Ndikatero ndimafunsa mwini wa nsalu ya patebulo, n'kumuuza kuti mbalezo nditsuka ndine, iye akaime pafupi ndi nsalu yake.