Tambala Amene Ndinam'bweza

Sukulu ndinailekeza ndisanadziwe bwino kuchotsera, koma zapakamwa palibe anandiposa. N'chifukwa chake mwana wa mlongo wanga atakwatiwa cha ku Mtenguleni, abale anandisankha kukhala nkhoswe yake. Ntchitoyo ndinkaiona yophweka. Akayambana, kuchimuna abweretsa nkhuku yopepesera, ine ndilandira, ndikalipa pang'ono, mkazi abwerera kwa mwamuna wake. Nkhuku zitatu ndinadya mwa njira imeneyi. Sindinama, zinali zonona.

Kachinayi mwanayo sanabwere ndi miyendo yake. Anandiitanitsa kumudzi, ndinakapeza atamunyamula pa ngolo, mkono utatupa, diso limodzi litatsekeka. Tinakwera minibasi ya ku Chipata, ndipo njira yonse ndinkamuphunzitsa: "Kuchipatala akakufunsa, unene kuti ng'ombe yakuponda pomanga goli. Zam'nyumba sitiuza alendo."

Atamumanga mkono, anatilozera kachipinda kena kakuseri, kumene amathandizirako omenyedwa ndi ozunzidwa. Munali namwino wa msinkhu wa mwana wanga wachisamba. Sanakhale kuseri kwa tebulo ayi. Anakoka mpando n'kukhala pambali pa wodwalayo. Ine ndinayamba nkhani ya ng'ombe ija, mpaka mawanga ake ndinawatchula.

"Zikomo, agogo," anatero namwinoyo. Kenako anatembenuka. "Amayi, mukufuna amalume akhale muno kapena adikire panja? Zili kwa inu."

Ndinaseka. "Asisita, ine ndine nkhoswe. Mawu a mwana uyu amatulukira pakamwa panga."

"Lero tiyeseko pakamwa pake."

Mwana amene ndinamunyamulapo ali khanda anayang'ana pansi, nati, "Adikire panja."

Abale, benchi ya pachipatala ndi youma, koma tsikulo inandilasa. Ndinakhala mpaka dzuwa kupendeka. Nkhuku zitatu zija zinayamba kulira m'mimba mwanga, chifukwa ulendo uliwonse ndinkafunsa mwamuna chimene chachitika, mkazi osamufunsa.

Namwino atatuluka, ndinati andinong'oneze zimene mwanayo wanena. Anakana. "Zimenezo n'zake. Wandilola kukuuzani chimodzi: kumeneko sabwererako. Kodi muli ndi malo oti agone mopanda mantha?"

"Kwanga ku Kapata, konkuno ku Chipata."

"Chabwino. Musamufunsefunse, akafuna adzanena yekha. Akadzidzimuka ndi kugunda kwa chitseko, musamuseke. Ndamva kuti ndinu wanthabwala."

"Anthu amangondinamizira, asisita."

"Lachinayi abwerenso. Za kupolisi ndamufotokozera, asankha yekha."

Patapita masiku asanu, nkhoswe ya kuchimuna inatulukira pakhomo panga, mdala mnzanga amene tinkamwera limodzi. M'khwapa anapanira tambala wofiira, wamkulu ngati mwana wa mbuzi. Malovu anadzaza okha m'kamwa, sindibisa.

"Tabwera kudzapepesa monga mwa masiku onse," anatero, akumuika pa mapazi anga. "Mnyamata uja wamva chisoni. Ndiponso mtedza wakhwima kumunda, wokumba palibe."

"Ndiye mwasowa mkazi kapena khasu?"

"Aa, achimwene, mwambo mukuudziwa. Landirani tithe nkhani."

Kale ndikanayankha pomwepo. Tsikulo ndinaimirira, n'kukagogoda pang'onopang'ono pachitseko cha chipinda cha mwanayo. "Mayi, kwabwera tambala. Ndilandire kapena ndibweze? Zili kwa iwe." Mawu ndinaba kwa namwino uja, ndipo sindinawabweze mpaka lero.

Anatuluka yekha, mkono uli m'pulasitala, naima pakhonde. Mawu ake anamveka mpaka kwa aneba. "Mubweze, amalume. Mawa mundiperekeze kupolisi."

Ndinatola tambala uja n'kumubwezera m'khwapa mwa mwini wake. "Mwamva nokha. Pitani naye, akakudzutseni m'mawa mukakumbe mtedza."

Kumudzi anandinena kuti ndapasula banja, kuti ukalamba wandilowa m'mutu. Mdala mnzanga uja sandipatsanso moni. Zilibe kanthu. Mwanayo ali pano, akugulitsa tomato kumsika, ndipo masiku ano chitseko chikagunda amangotembenuka n'kupitiriza zake.

Lachinayi lililonse kwa miyezi ingapo ndinkamuperekeza kukachipinda kaja. Iye ankalowa, ine pabenchi panja, pakamwa nditatseka. Namwino akamadutsa ankandifunsa, "Agogo, ng'ombe ija ili bwanji?"

"Inafa, asisita," ndinkatero. "Tinaiika m'manda, ndipo sidzukanso."