Dzina Lolembedwa ndi Pensulo

Mayi Tingoona anayamba ntchito pachipatala cha mano pa 2 Epulo 1991, Lachiwiri. Malo awo anali patebulo la pakhomo: kulandira anthu, kulemba m'buku lalikulu tsiku loti aliyense adzabwerenso, ndi kuimbira foni oiwala. Dzinali anawapatsa ndi ana. Mwana akakakamira chitseko ndi manja awiri, iwo ankawerama n'kunena kuti, "Usalire, lero tingoona basi." Akuluakulu okha sankawanyengerera. "Bambo, miyezi isanu ndi umodzi yakwana kale. Zengerezu adalinda kwawukwawu!"

Koma pa zaka makumi atatu ndi zitatu zonsezo, iwo eni anali asanakhalepo pampando wa dokotala. Makina oboolera dzino akayamba kulira kuseri kwa khoma, zala za kumapazi zinkadzipinda zokha m'nsapato.

Dzino lawo lakumapeto, mbali ya kumanzere, linayamba kuwawa pa 9 Novembala 2021. Tsiku lomwelo analemba dzina lawo m'buku, koma ndi pensulo. Tsikulo litayandikira anafufuta, malowo n'kupatsa mphunzitsi wina wotupa tsaya. Anadzilembanso, nafufutanso, mpaka mapeji ena anabooka. Ankatafunira kumanja, tiyi ankamudikira azizire. Ululu ukakwera sankakhazikika: kuwongola mipando yowongoka kale, kuthirira duwa la pawindo kawiri, kutsegula kabati n'kuiwala chimene akufuna. Ankadziwa bwino lomwe kuti dzino lochedwa nalo silimatidwa, limazulidwa. Ndi mawu amene ankauza ena tsiku lililonse.

Pa 14 Juni 2024, Lachisanu, mwana wawo wamkazi anabweretsa mdzukulu wa zaka zisanu ndi chimodzi kuti aonedwe mano koyamba. Mtsikanayo anaima pakhomo la chipinda, nayang'ana mpando wogoneka uja ndi nyale yake yaikulu.

"Tingoona basi," anatero agogo ake.

"Yambani inuyo, agogo. Ine ndionere."

"Ine ndili pantchito, iwe."

"Amayi, kodi inu munakhalapo pamenepo?" anafunsa mwana wawo, akuseka. "Paja kwathu mumatafuna ngati ngamila, mbali imodzi."

Dokotala, mayi wachitsikana amene anali atagwirapo ntchito zaka zinayi, anasuzumira atavala kale magolovesi. "Amayi, ola la 10 koloko lili ndi bowo m'buku lanu. Mabowo amenewa ndakhala ndikuwawerenga. Akwana asanu ndi limodzi."

Mayi Tingoona anayang'ana foni, koma sinalire. Anayang'ana pabenchi, bambo wina wokalamba amene iwo anamukalipira sabata yatha anali akumwetulira ndi mano ake atatu. "Zengerezu, mayi," anatero bamboyo.

Mdzukulu uja anali atayamba kubwerera cham'mbuyo, dzanja lili pakamwa. Mayi Tingoona anaona kuti akakana lero, mwanayu adzakula ndi mantha omwewo. Anavula magalasi, nalowa, nagona pampando.

"Yasamulani. Tingoona basi," anatero dokotala.

"Bodza limenelo ndinaliyambitsa ndine, musandiuze."

Dokotala analowetsa kakalilole, nagogoda pang'ono. Kenaka anati, "Lakumapetoli lapita, amayi. Mukadabwera chaka chatha tikadalimata. Koma loyandikana nalo tilipulumutsa."

Analizula 10 koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri. Mdzukulu anawagwira chala chachikulu mpaka kumaliza, kenaka anakwera pampando yekha, nayasamula asanauzidwe. Mano ake onse anali bwino.

Mayi Tingoona anabwerera patebulo thonje lili m'kamwa, tsaya lili dzanzi. Anatsegula buku. Analemba 28 Juni, tsiku lomata dzino linalo, ndi 13 Disembala, tsiku la mdzukulu ndi iwo. Pensulo inali pomwepo pafupi ndi dzanja, koma anapempha bolopeni ya dokotala.