Galimoto Imene Inataya Mawu

Ana a masiku ano akandiona ndili pakhonde ndi ndodo yanga amaganiza kuti ndinabadwa ndili nkhalamba. Sadziwa kuti manja onjenjemerawa anawotcherera maekizozi a mabwana mu Lilongwe muno iwo asanaganizidwe n'komwe. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo ndimanena mpaka lero kuti amene anatopa ndi aphunzitsi, ine ndinali ndikadali ndi mphamvu. Ntchito ndagwira zambiri zabwino, koma imene ndimaikumbuka ndikumwetulira ndekha ndi imene ndinaiononga dala.

Zinali zaka zimene boma linkasamuka ku Zomba. Malole ankadutsa pa mlatho atasenza makabati a mafayilo ndi mipando ya m'maofesi, ndipo ife a ku Old Town, amene tinazolowera malole a fodya ndi mathirakitala, tinayamba kulandira anthu ovala mataye. Ndinkagwira ntchito kuseri kwa msika wa Lilongwe, pa galaja ya bambo ena achisilamu amene tonse tinkangowatcha a Fundi. Galaja linali dzina chabe. Panali mtengo wa mango, dzenje lolowera pansi pa galimoto, ndi mabotolo awiri a gasi omangidwa ndi tcheni.

Tsiku lina kunabwera kagalimoto kobiriwira, ka mipando iwiri yokha, denga la tenti lopinda, kotsika moti kukhalamo kunali ngati kukhala pamphasa. Magudumu ake anali a masipoko ngati a njinga. Tinayamba takamva tisanakaone. Kankalira mawu okhuthala koma ong'aluka, ndipo woyendetsa akachotsa phazi pa mafuta, chinachake pansi chinkati tsetsetsetse.

Mwini wake anali bambo wachinyamata wa kumpoto, wogwira ntchito m'boma, wamtali ndi waulemu. Anakagula kwa mzungu amene ankabwerera kwawo.

"Achimwene, phokosoli mukulimva bwanji?" anandifunsa.

"Ndikumva kuti mwabwera ndi chigayo, bwana. Chimanga mwasiya kuti?"

Anaseka, kenako anafotokoza. Ku Zomba misewu inali yopapatiza ndi yokhotakhota, munthu sankaona chifukwa chothamangira. Koma kuno msewu wopita ku City Centre unali watsopano, wotambalala, wopanda anthu, umachita kukuitana. Vuto linali loti kunyumba kwake ku Area 10 phula linali lisanafike, masipoko ankamasuka m'mabampu, ndipo anzake ku ofesi ankamuseka kuti akamafika amadzutsa amesenjala. Tsono anali ataitanitsa katundu ku Joni: marimu anayi otambalala opanda masipoko, matayala onenepa, ndi ekizozi yathunthu, kuyambira ku injini mpaka kumchira, nsonga yake yonyezimira ngati supuni ya ku hotela.

Ndinatha masiku atatu pa kagalimoto kameneko. Magudumu akale ankagwidwa ndi nati imodzi yaikulu ya makutu awiri, yomasula pomenya ndi hamala, pamene atsopano ankafuna manati anayi, ndiye ndinasintha ndi pokhala pake pomwe. Matayala onenepa aja ankakhula madigadi pokhota, ndinapinda milomo ya madigadiwo pang'onopang'ono ndi paipi mpaka penti osasweka. Ekizozi ndinaikweza chala chimodzi kuti isamapale pansi. Yakale ija inali yomvetsa chisoni. Amakanika a ku Zomba anali ataimata ndi chitini cha mafuta ophikira n'kumanga ndi waya. A Fundi anaipereka tsiku lomwelo kwa amisiri okhoma mbaula mumsika.

Titaliza injini, kagalimoto kanangoti mmmm, ngati mphaka wokhuta. A Fundi, amene sankayamikira munthu ngakhale pa Idi, anagwedeza mutu kamodzi. Ine tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati ndine ndamanga City Centre.

Patatha sabata ziwiri bwana uja anabweranso, nkhope itagwa.

"Achimwene, ekizozi yakale ija ilipo?"

"Yatsopanoyi yalakwa chiyani?"

"Siinalakwe. Vuto ndi adada."

Anakhala pa tayala n'kundiuza. Bambo ake anali mphunzitsi wopuma, ndipo kwa zaka zambiri ankatsogolera kwaya ku tchalitchi cha kwawo. Maso anachita khungu, amayi anamwalira, iye anawatenga kukakhala nawo ku Zomba. Kumeneko anazolowera. Ankadziwa mawu a oyandikana nawo, belu la tchalitchi, kanjira kopita kumsika. Ku Area 10 nyumba zinali zotalikirana, mitengo itadulidwa, palibe wodutsa kuti apereke moni, ndipo mkazi wa bwanayo anali namwino, ankachoka m'mawa. Chinthu chimodzi chokha chinabwera kuchokera ku Zomba osasintha: kulira kwa galimoto. Madzulo alionse akaimva ikukhota pa raundabauti, ankadzuka pakhonde, kuwerenga mapazi mpaka pa geti, n'kutsegula mwana wawo asanafike.

"Ndiyo ntchito yokha imene inawatsalira," anatero bwanayo. "Tsiku loyamba ndinafika pa geti iwo osadziwa, ndinaliza hutala, anadzidzimuka mpaka kugwetsa ndodo. Tsiku lachiwiri anakaima pa geti kuyambira masana, kumatsegulira galimoto iliyonse yodutsa. Antchito a m'nyumba zina ankawaseka. Kuyambira pamenepo sadzukanso pakhonde. Dzulo alongedza sutikesi, aiika pakhomo, akuti ndikawakweze basi ya kumpoto."

"Kumudziko kuli ndani?"

"Nyumba yakugwa denga."

Ndinathamangira mumsika. Amisiri aja sachedwa. Ekizozi inali itasanduka kale mbaula ziwiri, ndipo imodzi ndinaipeza pa depoti, mayi wina akukupizira makala.

"Bwana, mawu a galimoto yanu akuwotcha chimanga pa depoti," ndinamuuza nditabwerako. Sanaseke. Ndiye ndinati, "Bwerani nawo Loweruka m'mawa. Ine phokoso lija ndinalimva tsiku limodzi, iwo alimva zaka. Adzandiuze okha."

Anabwera nawo. Mkulu wochepa thupi, jekete lakuda, taye, nsapato zopukutidwa bwino. A Fundi anawatulutsira mpando wawo weniweni, umene ine sindinaukhalepo chiyambire ntchito.

"Ndinu amene mwapha galimoto ya mwana wanga?" anafunsa mkuluyo.

"Ndine, aphunzitsi. Koma ndinaivekanso nsapato zatsopano."

"Nsapatozo ndazimva. Zikulira mosiyana pamiyala, koma zilekeni. Munthu akasintha nsapato ndimamudziwabe. Inu mwamusintha kummero."

Anakhala mowongoka, manja pamwamba pa ndodo, n'kuyamba kung'ung'udza mawu a pansi, a besi, otalika. Anthu amene ankadikira malole awo anasiya kucheza.

"Awa ndiwo mawu ake ikamabwera. Mwawamva?"

"Ndawamva."

Ndinalowa m'dzenje ndi dirilo ya pamanja. Ndisaname, ndinaima kaye. Ekizozi imeneyo inali yokongola, ndipo mzere umene ndinawotcherera polumikiza unali wosalala ngati ulusi wa telala. Bwana uja anagwada n'kusuzumira.

"Chitani, achimwene. Ine ndiyang'ana kumbali."

Ndinaboola bowo loyamba pafupi ndi kumchira. Bwanayo analiza injini.

"Imeneyo ndi tenala," anatero mkuluyo. "Pa manotsi a kwaya, ameneyo ndi so. Ine ndikufuna do wa pansi."

"Aphunzitsi, ku Sitandade 4 sitinafike pa do."

"Zikumveka. Tsikani."

Ndinatseka bowolo ndi moto, ndinaboola lina kutsogolo, lalikulupo. Anati ndadutsa. Ndinalichepetsa. Anati ndayandikira, koma mawu ndi oyera kwambiri, akale aja anali ndi chimfine. Ndinatenga tchizulo n'kung'amba mlomo wa bowolo kuti likhale mng'alu. Nthawi yonseyi mkuluyo ankang'ung'udza limodzi ndi injini, dzanja lili m'mwamba, akulitsitsa pang'onopang'ono monga ankachitira ndi ana a kwaya. Madalaivala a malole nawo analowerera, wina akuti kwezani, wina akuti tsitsani, mpaka a Fundi anawauza kuti amene akudziwa kuimba akaimbe ku lole yake.

Dzuwa lili pamutu, dzanja lija linaima.

"Pamenepo. Musakhudzenso." Anamvetsera kwa kanthawi. "Mwanawe, ponda mafuta, kenako usiye."

Bwanayo anaponda n'kusiya. Mkuluyo anapukusa mutu.

"Besi wabwera. Koma panali kamtsikana kena kankayankha pamwamba akasiya mafuta. Kali kuti?"

Ndinakhala m'dzenjemo ndikukanda mutu, kenako ndinakumbuka tsetsetsetse uja. Chinali chitini cha amakanika a ku Zomba, chimene waya wake unali utamasuka. Ndinatuluka, ndinakapempha chitini chopanda kanthu kwa mayi wa mandasi, ndinachidula, n'kuchimanga pa ekizozi ya ku Joni ndi waya, mosalimbitsa dala. A Fundi anaona zimenezo n'kupita kukaswali nthawi isanakwane.

Injini italiranso, mkuluyo anatchera khutu. Anatsitsa mutu. Kenako anati, "Pano pafupi zikumveka. Koma ine ndimaimvera patali. Tiona Lolemba."

Lolemba ndinapempha kuweruka msanga, ndinapalasa njinga mpaka ku Area 10. Anthu a lero sangamvetse mmene kunalili kutali. Ukadutsa Old Town kunali tchire, kenako mwadzidzidzi nyumba zazitali zoyera zitaima pa dothi lofiira, kenako tchire linanso. Ndinasochera kawiri chifukwa nyumba zonse zinali zofanana. Ya bwanayo ndinaizindikira chifukwa cha mkulu wa jekete lakuda pakhonde, ndi sutikesi yachitsulo pambali pa chitseko.

"Ndi fungo la gasi limeneli," anatero ndisanapereke moni. "Khalani, a makanika."

Tinakhala. Nthawi yoweruka itakwana magalimoto anayamba kudutsa. Inu mukundidziwa, sindikhala chete nthawi yaitali. Itamveka ina chapatali ndinawagwira pamkono.

"Ndi imeneyo, aphunzitsi. Dzukani."

"Imeneyo ndi ya adokotala a nyumba yachitatu. Mabuleki ake akufuna inu."

Inabwera ina. "Koma iyi ndiye ndi yomweyo."

"Vani ya buledi. Kodi kwanu ankakukwapulani mokwanira?"

"Ankayesetsa."

Anaseka, koma ndinaona kuti zala zawo zagwira ndodo mwamphamvu. Magalimoto anayamba kuchepa. Ine ndinayamba kuganiza kuti mwina chitini chagwa panjira, mwina patali mawu aja samveka chimodzimodzi. Ndinayang'ana sutikesi ija. Inali yomangidwa ndi lamba, yokonzeka.

Kenako mkuluyo anadzutsa mutu. Ine sindinkamva kalikonse, mbalame zokha. Anaimirira, anakonza jekete, anatsika masitepe awiri n'kuyamba kuyenda, milomo ikuwerenga. Ndinafuna kuwagwira dzanja, anandikankha ndi chigongono. Atafika pakati pa bwalo m'pamene nane ndinamva, kutali ku raundabauti, chigayo changa chija chikubwera, ndipo pokhota kamtsikana kaja kanayankha, tsetsetsetse. Anafika pa geti, anapapasa loko, anatsegula mbali imodzi, kenako inayo, n'kuima pambali ngati msilikali. Kagalimoto kanalowa osaima, osaliza hutala.

Bwana uja anatuluka m'galimoto.

"Wachedwa," anatero bambo ake. "Ndiponso ukuthamanga kwambiri ndi nsapato zatsopanozi. Ndakumva pokhota."

"Pepani, adada."

Anandikakamiza kumwa tiyi. Tikulowa m'nyumba mkuluyo anagunda sutikesi ija ndi ndodo.

"A makanika, muli ndi manja akuda kale. Tandinyamulirani ichi, mukaike pamwamba pa wadiropu. Chikutchinga njira."

Ndinainyamula. Inali yolemera ndi mabuku a nyimbo amene mwini wake sankathanso kuwerenga.

Kagalimoto kaja kanayenda choncho zaka zingapo, marimu okongola, matayala onenepa, mchira wonyezimira, koma kakulira ngati kakufuna kufa mawa. Anzake a ku ofesi anapitiriza kumuseka bwana uja, iye n'kumangoti akakonzetsa mwezi wa mawa. Chitini chikagwa ankabwera onse awiri Loweruka, mkuluyo n'kukhala pa mpando wa a Fundi, dzanja m'mwamba, ine m'dzenje ndi waya. Ankati ndikanapitiriza sukulu ndikanakhala wa alito, wosadalirika koma womvera.

Chovuta chinali chimodzi. Lilongwe wa nthawi imeneyo anali wamng'ono, ndipo kagalimoto kobiriwira kakadutsa pa mlatho aliyense ankatembenuka. Amakanika anzanga a ku Old Town ankabwera kudzandifunsa kuti kodi si iwe unaika ekizozi ya galimoto ija? Ine ndinkawayang'ana m'maso, ndikupukuta manja ndi chisanza, n'kunena kuti ine ndinangoika magudumu. Za pansizo ndi ntchito ya amakanika a ku Zomba.