Manotsi Amene Ndinawongola ku Usisya

Ku Usisya ndinapita kukaphika pa loji, koma ndinangothera kukopera nyimbo. Mwini lojiyo ankakhala ndi malume ake okalamba a ku Italiya, amene maso awo ankachita khungu. Mkuluyo anabwera ndi katoni ya mafotokope a nyimbo zamakedzana za kwawo, za limba ndi za m'tchalitchi, zolembedwa pamanja, ndipo ankafuna kuzisindikiza m'buku. Atangomva kuti bambo anga, oimbitsa kwaya ku Ntcheu, anandiphunzitsa kuwerenga manotsi, basi, kukhitchini anandichotsako.

Lamulo lawo linali limodzi: ndikopere zimene ndikuona, ndipo ndikakayikira pena ndilembe m'munsi mwa tsamba. Koma ine, mwana wa oimbitsa kwaya, ndingalekerere liwu lokhota? Ndinkaimba chamumtima, ndipo pamene pandiwawa m'khutu ndinkawongola mwakachetechete, monga ankachitira bambo ndi nyimbo za alendo. Ndinkati ndikuthandiza malemu amene analemba nyimbozo.

Zaka ziwiri zinatha choncho pakhonde lotentha, phiri kumbuyo, madzi kutsogolo. Amayi oanika chinangwa ankandiseka m'Chitonga kuti ndakwatiwa ndi mapepala. Ndinatopa zedi, mpaka fungo la katoniyo linkandinyansa. Kenako kalata inafika yoti andisankha ku sukulu ya uphunzitsi, ndikaonekere mwezi usanathe. Sitima ya pamadzi inkaima kamodzi pa sabata, ndipo nyimbo zinali zitatsala zisanu ndi ziwiri. Kutsanzika kunandikanika, chifukwa ku Usisya konse kunalibe wina wowawerengera manotsi mkulu uja.

Ndiye ndinaganiza zoti andichotse okha ntchito. Ndinaulula kuti ndakhala ndikusintha manotsi kuyambira tsamba loyamba, n'kumadikira kuti akalipe.

Sanakalipe ayi. Anandipempha kuti ndiwaimbire malo amodzi monga analili pa fotokope. Ndinaimba, ndi liwu lokhota lija, ndipo misozi inayamba kuyenderera m'masaya mwawo. Anati wolembayo anakhotetsa dala, pa mawu onena za misomali ya pamtanda, kuti womvera amve kuwawa. Manyazi amene anandigwira, kalanga ine!

"Malo amene munasintha mukuwadziwa ndinu nokha, mayi," anatero. "Ine sindingawaone. Mawa tiyambire tsamba loyamba."

Sitima yomaliza ya mwezi umenewo inalira pagombe ine ndili pakhonde, labala ali m'manja, ndikufufuta tsamba lachinayi. Kalata ija ndinaiika pansi penipeni pa katoni.