Mfuti Ziwiri za ku Nayuchi

Amene anandilakwira ndi amalume anga, achimwene awo a malemu mayi. Anatenga mlongo wanga wamng'ono, mwana amene pulayimale anali asanamalize n'komwe, n'kumupereka kwa bambo wina wa ku Phalula wogulitsa makala m'mbali mwa msewu. Kwathu kuno kwa Kawinga mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, abale n'kumamuona mmene akumusungira mwana wawo. Koma amalume anavomera za chitengwa, mwana n'kupita kutali kumene kunalibe diso lathu. Anabwerako ndi mkono wothyoka, iwo anamubweza. Anabweranso, ulendo uno diso lakumanzere litasiya kuona, iwo anati apume kaye, akachira abwerere, poti banja ndi kupirira.

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo palibe pamudzi pathu amene sadziwa. Sukulu ndinasiyira sitandade sikisi nditalanda chikwapu m'manja mwa aphunzitsi n'kuchithyola. Kuchokera pamenepo ndinkapalasa kabaza pa Ntaja. Koma tsiku limene mlongo wanga anafika ndi diso lomanga nsanza, sindinakalipe. Ndinapita kwa amalume, ndinakhala pansi ngati mwana wolangidwa bwino, ndinawomba m'manja, n'kupempha kuti mwanayu asabwerere.

Anali pakhonde ndi anzawo akutchalitchi. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, pomwe panali patapata woduka.

"Mphwanga, iwe za mabanja wazidziwira kuti? Pachishalo cha njinga?"

Anzawo aja anaseka.

"Mwini mbumba pano ndine," anatero amalume. "Amene ndinalankhula ndi akuchimuna ndine. Iwe pita ukapope mateyala."

Anthu amandifunsa kuti bwanji mkwiyo wanga sunapite kwa wamakala uja. Unapita ndithu, koma uja ndi fisi, ndipo fisi akadya mbuzi sudabwa. Amene umamufunsa ndi amene watsekula khola. Amalume anamunyamulapo mwanayo ali wakhanda. Anauona mkono uja ndi maso awo, n'kumukweza okha minibasi.

Za munthu wogulitsa mfuti ndinazimva kwa mnzanga wina wa kabaza, amene ankakonda kupita kumalire. Anati kufupi ndi Nayuchi, cha kuseri kwa njanji, kuli mkulu wina wokhoma ndowa ndi mbaula, amene anamenya nawo nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo anthu akafuna katundu wotere amapita kwa iye. Ndinagulitsa njinga yanga. Mlongo wanga ndinamuuza kuti ndapeza ganyu. Anandiyang'ana ndi diso lake limodzi lija.

M'njira monse ndinkakonza bodza langa. Ndikanena kuti ndine wa ku Mangochi, ndili ndi kaokala, akuba andithyolera ndipo ndatopa nawo. Ndinalibwereza mpaka ndinayamba kukaona kaokalako, ndi sopo ndi shuga pamashelefu.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Mkuluyo ndinamupeza pansi pa chisakasa akukhoma chitsulo, munthu wowonda, wa ndevu zoyera, chala chimodzi chodukira pakati. Ndinapereka moni, ndinatchula mnzanga uja, n'kuyamba bodza langa. Sanasiye kukhoma. Nditamaliza anaika hamala pansi.

"Okala ku Mangochi," anatero. "Ndiye miyendo ya kabazayi mwaitenga kuti, achimwene?"

"Ndinkapalasa kale, ambuje."

"Eya. Tiyeni kuseri."

Kuseri kunali kanyumba kosungiramo malata akale. Anayala chiguduli pansi, analowa mkati, n'kutuluka ndi mitolo iwiri ya nsanza zonona mafuta. Atamasula, panali mfuti ziwiri zazing'ono za m'manja, zija amanyamula akuluakulu apolisi m'chiuno.

Ndinali ndisanaionepo pafupi chonchi. Chimene chinandidabwitsa n'choti zinali zofanana ngati ana a mimba imodzi. Zonse zakuda, kutalika kwake pafupifupi kumodzi, zonse zonunkha ngati tcheni cha njinga. Ndinkaganiza kuti ndikangofika ndiloza n'kunyamula. Koma ndinangoti kakasi, ngati munthu amene wapatsidwa mapasa kuti asankhe wake.

"Kusiyana kwake n'kotani?" ndinafunsa.

"Nyamulani. Dzanja likuuzani."

Ndinayamba ndi ya kumanja. Inali yolemera kuposa mmene imaonekera, utoto wake utatha m'mbali mpaka chitsulo kuyera, chogwirira chosalala ngati mpini wa khasu lakale. Inadzaza dzanja langa lonse.

"Imeneyo ndi nkhalamba inzanga," anatero mkuluyo. "Yaona zambiri. Ikalira mudzi wonse umamva, ndipo imakankha dzanja ngati bulu. Koma sikana ntchito. Mvula, fumbi, iyo ilibe nazo kanthu. M'thumba simungaibise, imakoka buluku. Imeneyo ndi yoika pansi pa kauntala, wakuba aione athawe."

Ndinaika pansi n'kunyamula inayo. Inali yopepukirapo, yopyapyala, utoto wake udakali wonse. Chogwirira chake chinali ndi timizere tokanda m'manja.

"Nanga iyi?"

"Ameneyo ndi mtsikana wa m'tauni. Wokongola, koma ali ndi masiku ake. Nthawi zina imatsamwa, iwe uli pakati pa nkhani. Ubwino wake ndi umodzi: ukaiika m'chiuno n'kutsitsa malaya, ungadye nayo mbale imodzi ndi munthu osadziwa kanthu."

Ndinazisinthanitsa m'manja, iyi kenako iyo, kenako iyi. Mutu unkandiuza kuti munthu wa okala atenga yolemerayo, ndipo bodza langa linkafuna yomweyo. Koma m'maso mwanga munali khonde la amalume. Ndinkaona mmene ndidzafikire, kupereka moni, kukhala pansi, kuwomba m'manja ngati tsiku lija, anzawo akutchalitchi ali pomwepo. Kuti ndifike pafupi chonchi, pankafunika chinthu chosakoka buluku.

"Ikatsamwa ndiye umatani?" ndinafunsa.

"Umapemphera," anatero. "Ndinu a mpingo wanji?"

Sindinaseke. Ndinaika yopepukayo m'chiuno, n'kutsitsa malaya, n'kudziyang'ana. Panalibe chooneka. Chitsulo chinali chozizira pamimba, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire mlongo wanga ndinapuma mpweya wonse.

"Ndatenga iyi."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatambasula dzanja, ine n'kumubwezera, iye n'kuiika pachiguduli paja pambali pa inzake. Kenako anayamba kupukuta manja ndi nsanza, n'kufunsa mosasamala, ngati mmene amafunsira anamwino pawindo:

"Katunduyu amavulaza ndi mwini wake yemwe. Mukadziwombera phazi, kapena boma likakugwirani, uthenga ukapite kwa yani? Mwini wanu ndani?"

Funso limenelo ndafunsidwa moyo wanga wonse. Kuchipatala nditathyoka nthiti, kupolisi nditamenyana pamsika, kusukulu tsiku la chikwapu lija, pamaliro a mayi. Kwathu munthu sakhala wopanda mwini, ndipo mwini wako si bambo ako, ndi amalume ako. Yankho lake silidutsa m'mutu, limakhala pamlomo penipeni ngati ameni. Ndisanaganize n'komwe, ndinali nditatchula dzina la amalume ndi la mudzi wathu.

Ndinamva mawu anga ali kale panja. Mangochi yense ndi kaokala kake anathera pomwepo.

"Ooo," anatero mkuluyo. "Aja aatali, oyimba kutchalitchi aja? Mbaula ya akazi awo ndinakhoma ndine. Ndiye ndinu mphwawo." Anayamba kukulunga yolemera ija. "Palibe vuto. Ine sindigulitsa kwa munthu ali yekha. Mukabwere nawo, adzakhale apa, adzanene okha kuti mwana wathuyu mpatseni. Mukatero mudzanyamula."

"Ambuje, ndayenda ulendo wautali."

"Iyayi, achimwene. Aliyense amabwera ndi mwini wake. Ndi mmene ndakhalira ndi moyo mpaka ndevu kuyera."

Apa ndiye mtima uja unakwera. Sindikumbuka zonse zimene ndinanena. Ndikudziwa kuti ndinatukwana munthu wamkulu ngati agogo anga, ndinatchula chala chake chodukacho, ndinamenya theche malata mpaka nkhuku kubalalika. Kenako ndinawerama, ndinatsomphola yopepuka ija pachiguduli, n'kumulozetsa pachifuwa.

Sanasunthe. Anayang'ana mfutiyo, n'kuyang'ana ine.

"Mulibe kanthu m'menemo," anatero. "Mukuganiza ndingayalire mlendo mfuti yodya kale?"

Anatambasula dzanja lake, n'kuichotsa m'manja mwanga mmene umachotsera mpeni kwa mwana wokwawa.

"Munthu wa okala amatenga yolemera," anatero akukulunga. "Amene watenga inayi amakhala kuti ali ndi munthu mumtima. Pitani kwanu, dzuwa lisanapendeke."

Ndinabwerera wapansi mbali yaikulu ya njira. Njinga ndinalibe, mfuti ndinalibe. Ndinagona kwa mnzanga uja, n'kufika pamudzi m'mawa mwake anthu atabwerako kumunda. Uthenga unali utandipitirira kale. Mkuluyo anali ndi foni, ndipo anachita chimodzimodzi chimene ananena: anauza mwini wanga.

Ndinawapeza amalume pakhonde pomwe paja, ndi anzawo omwe aja, ndi azimayi angapo atakhala chapatali pamkeka. Mlongo wanga anali pakhomo la khitchini, nsanza ili kumaso. Pambali pake panali chikwama chake, chomangamanga kale.

"Bwera kuno," anatero amalume. "Khala pansi."

Sindinakhale.

"Mwamuona mwana wa mlongo wangayu? Wagulitsa njinga, chinthu chokhacho chimene chimamudyetsa, kukafuna mfuti. Mfuti! Kuti akaphe mlamu wake ku Phalula. Ukanatiika pamoto tonse, wamva? Akuchimuna akanati chiyani? Ine nkhope ndikanaiika kuti?"

Mmodzi wa anzawo anati, "Thokozani Mulungu kuti mkulu ujayo ndi munthu."

"Ndiye chifukwa chake mwanayu anyamuke lero lomwe," anapitiriza amalume. "Akakhala pano, uyu achita zamisala. Mlamu wako si munthu woipa, mphwanga. Ndi mowa chabe. Ndalankhula naye, walonjeza."

Anali akulankhula ngati munthu amene wapulumutsa moyo wa wina. M'mutu mwawo simunadutse n'komwe kuti pangakhale munthu wina woti n'kumufunira mfuti. Ndinawayang'ana khosi, pomwe panali kolala ya malaya awo oyera akutchalitchi, ndipo ndinaona kuti ndaima pamtunda womwe uja ndinkauyeza m'maganizo ku Nayuchi. Dzanja langa linapita lokha m'chiuno. Munalibe kanthu, koma ndinadziwa kuti mukanakhala kanthu, tsiku limenelo kukanakhala maliro awiri, awo ndi anga amoyo. Ndinachita mantha ndi dzanja langa lomwe.

Ndinapita pakhomo la khitchini, ndinanyamula chikwama chija, n'kuchiponya mkati. Mlongo wanga anandigwira mwendo wa buluku. Kuyambira tsiku limenelo ine ndi amalume sitinadyerenso pamodzi, ndipo theka la mudzi silindipatsa moni mpaka lero. Njinga sindinapezenso ina, ndalama zake zinathera kuchipatala ndi diso lija. Ndimasenza matumba pamsika. Diso la mlongo wanga silinabwerere. Koma ku Phalula sanapondekonso.

Tsiku lomwelo, nditaponya chikwama chija, ndinabwerera pakhonde paja, n'kuima pamaso pawo, anthu onse akumva.

"Amalume, mfuti ija sinali ya wa ku Phalula. Inali yanu. Ndinasankha yopepuka kuti ndidzakhale nayo pansi pano ndikukuwomberani m'manja. Muli moyo chifukwa atandifunsa mwini wanga, pakamwa panga panatchula inu. Aka n'komaliza. Uyu ndi mlongo wanga, mwini wake ndine, ndipo sakupita kulikonse."