Kwatsala Anthu Awili ku Mudzi wa ku Sasare

Lachiwili lapitali ndinapalasa njinga kuchoka pa boma la Petauke kupita kumudzi wina wa kufupi ndi mgodi wakale wa Sasare. Mnzanga Yotamu Daka, amene ndinaphunzila naye sukulu, anachona kumzinda wakutali wa Walale. Ananditumizila kalata kuti ndikawawelengele amai ake, ati kwawoko kulibenso wodziwa kuwelenga.

Ndinayesa akukokomeza.

Mudziwo ndimaudziwa bwino. Mgodi usanatsekedwe panali sitolo, telala pakhonde pake, ndi chalichi chimene chinkadzaza mpaka ena kukhala panja. Lelo njila yolowela yatseka ndi udzu, moti ndinatsika njinga n'kumakankha. Palibe galu amene anandiuwa. Nyumba zambili madenga anagwela mkati, ndipo pakati pa sitolo paja pamela mkuyu wopitilila khoma.

Ndinaodila katatu ndisanayankhidwe.

Amai Daka ndinawapeza akutong'ola chimanga m'lichelo. Pambali pawo panali a Mumba, bambo wokalamba amene kale ankagwila nchito mumgodimo.

"Anthu apita kumunda?" ndinafunsa.

"Anthu ndife mukutionafe, bambo," anatelo a Mumba.

Ndinawelenga kalata ija. Yotamu anati sadzabwelanso, wapeza nyumba m'komboni, ndipo amai ake akakolola akakwele lole pa Nyimba apite akakhale naye. Amaiwo anati ndibweleze. Nditabweleza, sanayang'ane ine. Anayang'ana a Mumba.

"Pitani, amai Daka," anatelo a Mumba. "Maso anu akutha, ndipo kuchitsime n'kutali."

"Nanga inu?"

"Ine ana anga saitana. Wina ali ku Joni, wina ku migodi ya ku Nkana. Kaya ali moyo."

Amai Daka anatsiliza kutong'ola chimanga chinali m'manja mwawo. Kenaka anati, "Mulembeni kuti ndamva. Ndipita."

Ndisananyamuke, a Mumba anandigwila dzanja nati pali chimene ndiyenela kuona. Anandilondolela kumanda. Akazi awo anamwalila m'dzinja lapitali, mitsinje itadzaza, ndipo panalibe womutuma uthenga wa malilo. Dzenje anakumba iwo ndi amai Daka, masiku awili, ndi makasu olimila.

"Mtembo tinachita kukoka pamphasa," anatelo. "Awili sitikanaunyamula."

Pambali pa manda amenewo panali dzenje lina lofika m'chiuno, lovundikila ndi mitengo ndi udzu.

"Ili ndi langa. Ndikukumba pang'onopang'ono mphamvu zikalipo. Kukwilila ndinkadalila amai Daka." Ananditembenukila. "Inu muli ndi njinga. Muzibwela mwezi ukatha, mudzasuzumile m'nyumba mwanga."

Ndinati ndizibwela. Ndikulemba pano sindikudziwa ngati ndinanena zoona.

Awelengi anga, kodi munamvapo munthu akupempha mlendo chinthu chotele? Ife tinakula tikudziwa kuti munthu akafa mudzi wonse umaima, khasu silipita kumunda. Lelo kuli mudzi umene munthu angafe n'kutha mwezi osadziwika.

Ndipo musati ndi za ku Sasare kokha, kumene golide anatha. Pitani ku Msanzala mukawelenge amuna amene atsala pamudzi. Pitani ku Ndake mukaone amene akuthyola thonje: akazi oyembekezela amuna awo, ndi okalamba oyembekezela ana. Chaka chino achoka anyamata, chaka chamawa akazi awo awatsata, kenaka mphunzitsi asamutsidwa chifukwa ana asukulu achepa. Mudzi sufa tsiku limodzi, n'chifukwa chake palibe amene amalila.

Akuluakulu akutiuza kuti Chitaganya cha maiko atatu chabweletsa chitukuko. Mwina chabweletsadi kwina. Chimene ndaona ine n'chakuti lole imachoka pa Nyimba yodzaza, anthu atakhala pamwamba pa katundu, ndipo pobwela imatsitsa makalata.

Koma sindingaloze chala machona okha. Yotamu akanadya chiyani pamudzi wopanda msika, wopanda mseu? Ine amene ndikulemba izi kwathu ndi ku Ndake, ulendo wa tsiku limodzi pa njinga, koma mvula yagwa kawili ndisanapondeko. Nyumba ya malemu atate anga ndinangomva kwa anthu kuti inagwa. Ndinayankha kuti ndidzaiona ndikapeza mpata.

Kalata ya amai Daka ndinaitumiza dzulo. Chimanga chawo chatsala pang'ono kutha kutong'ola, ndiye mwezi uno usanathe a Mumba akhala okha pakati pa nyumba zakugwazo.

Inu amene mukuwelenga izi ku Walale, ku Joni, ku migodi, ngakhale pa boma pano: kwanu kwatsala anthu angati, ndipo womaliza adzamukwilila ndani?