Chipini cha achemwali ku Likhubula

Achemwali, chitisiyireni inu, lero ndi pomwe ndamuona Tadala wanu akuseka ndi mtima wonse. Wayamba masewera aja ofufuza ndi foni timabokosi tobisidwa m'tchire, amene alendo okwera phiri amati jiyokashing'i. Ndinalibe zambiri zomupatsa. Ndangomugulira pensulo yolembera dzina lake akapeza bokosi, ndi timikanda ta ku Nkando toti azisinthanitsa. Pomwepo ndakumbukira n'kumufotokozera za tsiku lija munatola kabokosi pansi pa mwala ku Likhubula n'kubwera nako kunyumba, ati mwiniwake akafuna adzatipeza. Bambo wina wonyamula katundu wa alendo atamva zimenezi anaseka mpaka misozi: "Mayi, kameneka sanyamula! Mukatengamo kanthu, musiyemonso kanu." Tinakwera chitunda chonse kukabweza, inu mukudandaula miyendo, kenako munazula chipini cha kumutu n'kuponyamo.

Masanawa Tadala wakapeza kabokosiko pamalo pomwe paja. Wakhuthulira zonse pachitenje kufuna chipini cha amayi ake, koma mulibe. Misozi inayamba kulengeza. Ndamuuza kuti mlendo wina anachitenga, mwina pano chili kutsidya kwa nyanja. Apa ndi pomwe wayamba kuseka. Inu amene simunapitirirepo Limbe, achemwali, taonani mmene mukuyendera.